Pulaizi ya mwana wanga

Achimwene anga anafufuta ntchito ya mwana wanga mwezi usanathe chimuikireni m'manda. Tikakumana ndimawapatsa moni bwinobwino, koma sindinawakhululukire, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake.

Mwanayo anali mmodzi yekhayo, mwamuna wamkulu wandevu zake. Anali ndi kashopu ka malata kuseri kwa msika pa Mwanza Boma, komwe ankabena nyimbo. Munthu ankabwera ndi memore khadi, kanthu kochepa ngati chikhadabo kolowetsa mu foni kapena mu wailesi, iye n'kumuikiramo nyimbo kuchokera mu kompyuta. Ine ndimagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu wopita kuboda, ndipo nyengo yake ikatha ndimagulitsa mtedza. Kuchokera pa benchi langa kukafika pa shopu yake ndi pafupi, ukhoza kusiya katundu ndi mnzako n'kubwerera asanadandaule.

Anthu ankafuna nyimbo za kwaya ndi zovina pa ukwati, iye ankawapatsa. Koma zapamtima pake zinali zina. Anazipeza kwa dalaivala wina wa thiraki amene anakhala masiku angapo paboda kudikira mapepala. Ankazitcha metulo. Magitala ake amalira ngati chigayo chameza mwala, ndipo nyimbo imodzi imatalika mwakuti ndikanatha kugulitsa theka la dengu isanathe. Imayamba mofatsa, n'kukwiya, n'kukhala zii, n'kudzayambiranso pena.

"Iwe, oimbawa akudwala?" ndinamufunsa tsiku lina nditamupititsira mbatata.

"Ayi masteni, akuganiza."

"Akaganizire kwawo. Pano akuthamangitsa makasitomala."

Anangoseka n'kusenda mbatata yake.

Iye sankangomvera nyimbozo ayi. Ankaziduladula. Pa kompyuta paja nyimbo inkaoneka ngati mzere wa udzu wosatchetcha, ndiye iye ankasankhapo kachigawo kamodzi, mwina ka mphindi imodzi pa nyimbo ya mphindi makumi awiri, n'kukabwereza, n'kukachedwetsa, n'kuikapo ng'oma zina. Ankati imeneyo ndi rimikisi. Ankati kuli anzake m'mayiko ena okonda nyimbo zomwezo amene amachita chimodzimodzi popanda wowatuma, n'kumatumizirana. Rimikisi imodzi inkamutengera milungu, chifukwa magetsi akazima asanasunge ntchito ankayambiranso.

Panali kachigawo kena kamene ankakakonda kuposa tonse. Ankati ng'oma zake zimawerenga mpaka seveni m'malo mwa eyiti, ndiye kamamveka ngati munthu wotsimphina.

"Kamayenda ngati inuyo mukasenza dengu," anatero.

Ine ndimatsimphinadi mwendo wamanzere kuyambira ndili mtsikana. Ndinamugenda ndi khoko la nachesi.

Tsiku lina anabwera pa benchi n'kundilozetsa foni kukamwa. Anati ndiitane makasitomala monga ndimachitira masiku onse. Ndinaitana: "Manachesi, manachesi okoma a ku Mwanza!" Pomwepo minibasi inaliza hutala. Iye anaseka n'kunena kuti, "Bwerezani amayi, bwerezani." Ndinabwereza kamodzi n'kumuthamangitsa.

Patatha milungu iwiri anandiitanira ku shopu n'kundiika timawaya m'makutu. Poyambirira ndinamva kuseka kwake kuja, ndi mawu aja oti bwerezani amayi. Kenako ng'oma zotsimphina zija, mawu anga akuitana manachesi pamwamba pake. Magitala atayamba kukwiya ndinazula timawayato.

"Wandiika m'kati mwa phokoso? A kumpingo akamva ati chiyani? Chotsa zimenezo."

Anakulunga timawaya take n'kutiika m'thumba. Ndinaimva kamodzi kokhako, ndipo sindinafike nayo n'pakati pomwe.

Mwana wanga anadwala masiku anayi okha. Mutu, kutentha thupi, khosi kuuma. Tsiku lachisanu amuna anali kufunafuna matabwa a bokosi.

Kwathu, tikameta maliro, abale amakhala pansi kugawa katundu wa malemu. Wogawa amakhala mwinimbumba, ndipo kwa ife ndi achimwene anga aakulu, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Ine ndinali pamphasa, mutu wometa, mawu atandithera ndi kulira. Anagawa zovala, nsapato, njinga. Foni anati asunga iwo. Shopu ndi kompyuta anapereka kwa mwana wa mng'ono wanga, amene anali atakhala chaka akufuna ntchito ku Blantyre osaipeza. Zimenezo sindinatsutse. Koma kenako anawonjezera kuti makinawo ayambe atsukidwa, chifukwa anthu akulankhula. Akuti munthu wathanzi sangafe masiku anayi, ndiye kuti nyimbo zasataniki zija n'zimene zinamutenga.

"Achimwene," ndinatero, "mundilole ndikaone kaye zimene zili m'menemo."

"Iwe ukaonamo chiyani? Unalekeza sitandade fili. Khala chete, ukulira."

Ena pamphasapo anang'ung'udza movomereza. Ndinakhala chete. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha chete ameneyo.

Tsono taonani. Anthu amenewa, mwana wanga ali moyo, ndi iye ankawabenera nyimbo za kwaya osawauza kanthu. Achimwene omwewo, sipika ya kumpingo ikafa, ankatumiza uthenga kuti mphwawo, mwana wangayo, abwere ndi waya. Nthawi imeneyo satana sanali m'manja mwake. Anamudikira afe kaye kuti amuone satanayo. Palibe mmodzi mwa iwo amene anakhalapo pansi kumvera nyimbo imodzi mpaka kumapeto. Anangomva kulira kwa gitala podutsa, basi chigamulo chatha.

Nditapeza mphamvu zoyenda ndinapita ku shopu kuja. Ndinapeza mwana wa mng'ono wanga atapenta chitseko, nyimbo za kwaya zili pamwamba.

"Ndikufuna ija muli mawu anga ndi ake," ndinamuuza.

Anayang'ana pansi. "Amayi aakulu, tinafomata."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Kusesa zonse. Amalume anaima pomwe mwaimapo mpaka nditamaliza. Foni ijanso chimodzimodzi."

"Sizingabwerere?"

"Ayi, ndathiramo kale zina pamwamba." Anakanda m'mutu, kenako ananena chimene sakanayenera kunena. "Komatu ndinamva kuti ngakhale inuyo munamuuza kuti achotse."

Ndinagwira chitseko, penti n'kundimata m'manja. Zinali zoona. Koma ine ndinauza mwana wamoyo, amene akanatha kundiseka n'kupanga ina mawa lake. Iwo analanda munthu amene sangayankhenso. Zithunzi zake ndili nazo ziwiri, koma chithunzi sichiseka. Mawu ake anali m'menemo mokha.

Mwina pofuna kundisangalatsa, anayamba kundiuza kuti bizinesi ikuyenda. Anati makasitomala akukondwa chifukwa pulaizi yaphokoso ija inatha.

"Pulaizi yanji?"

Anandifotokozera. Ife ogulitsa pamsika, munthu akagula mulu timamuwonjezera kamodzi pamwamba, ndiyo pulaizi. Mwana wanga anakulira pa benchi langa, ndiye chizolowezicho anachitengera ku shopu. Aliyense wobenetsa nyimbo, iye ankamuikira rimikisi yake imodzi kumapeto kwa khadi, osamuuza. Ena ankabwera kudzakalipa kuti wailesi yawo yalusa mwadzidzidzi pakati pa alendo. Iye ankati, "Ndi pulaizi, bwana, simunalipire."

Sindinatsanzike n'komwe. Ndinabwerera pa benchi. Ngati ankaika m'makadi a anthu, ndiye kuti mwana wanga anali akuyendabe m'matumba a anthu m'boma lonse la Mwanza.

Kuyambira tsiku limenelo aliyense woima pa benchi langa ndinkamufunsa ngati anabenetsapo nyimbo kuseri kwa msika. Akabaza ankaseka. "Ija ya ziwanda ija? Tinadilita kalekale, mayi." Mayi wina wa saluni anati mwamuna wake anaponya khadi lonse m'chimbudzi atamva mphekesera za pa maliro. Ameneyo ndinamuchotsera pulaizi pa mulu wake akuona. Kondakitala wina anali nayo, ndipo ndinaimvera yonse nditaimirira pakhomo la minibasi, anthu akundikankha. Inali ntchito ya mwana wanga ndithu, ndinazindikira kutsimphina kuja, koma inali ina yakale, yopanda mawu a munthu.

Nkhani inawapeza achimwene kuti ndikufunsa anthu. Anabwera pa benchi atavala jekete lawo la Lamulungu.

"Ukutichititsa manyazi. Anthu akuti wazungulira mutu."

"Mukufuna manachesi, achimwene?"

"Ndikukuuza kuti usiye."

"Ngati simukugula, mwanditchingira makasitomala."

Aka kanali koyamba kuwayankha chotero chibadwire changa. Anachoka akupukusa mutu.

Nyengo ya manachesi inali pafupi kutha pamene bambo wina wa makala anaima kuti apume. Anali wochokera kwa Nthache, matumba awiri pa njinga, kawailesi atakamangirira pa handulo ndi mphira. Ine ndinali ndikuitana minibasi imene inkaima kutsidya. Bamboyo anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa.

"Mayi, tabwerezani."

Ndinasiya kuitana minibasi ija. "Mwati chiyani, bambo?"

"Mawu anuwo ndikuwadziwa. Muli mu wailesi yangayi."

Anati khadi lake anabenetsa miyezi inayi yapitayo, ndipo kudilita sadziwa, komanso safuna. Anati nyimbo ya manachesi amaisungira pa chitunda chachikulu chotulukira kwawo, pamene amatsika n'kumakankha njinga. "Imeneyi imakankha nane. Ikamakwiya ndiye kuti ndafika pokwera penipeni. Ikamatha, ndatulukira pamwamba."

Ndinamupempha aiyike. Anadina kangapo, kudumpha kwaya, kudumpha zina. Kenako mwana wanga anaseka pa handulo ya njinga ya makala, masana, pamsewu wa kuboda. "Bwerezani amayi, bwerezani."

Ndinakhala pansi pa fumbi. Bamboyo anafuna kuzimitsa, ndinamugwira dzanja. Nthawi ino ndinamvera yonse. Ng'oma zinatsimphina, ine n'kumaitana manachesi, magitala anakwiya monga kale, ndipo sindinathawe. Atatopa anakhala zii. Ndiye m'chete mmenemo munamveka mawu anga ena, amene sindinkadziwa kuti anawajambula: "Choka apa iwe, ukundichedwetsa." Iye n'kusekanso, kuseka kwa munthu amene akuchokapo. Nyimbo inathera pomwepo.

Bamboyo sanadziwe kuti wobena uja anamwalira. Atamva anavula chipewa. Anafuna kundipatsa khadilo, koma ndinakana, chifukwa chitunda chija chikadalipo. Ndinamupempha kuti angondiperekeza kuseri kwa msika. Anakankha njinga yake, makala ali pomwepo, ine patsogolo.

Mwana wa mng'ono wanga atationa anaimirira.

"Ika nyimbo iyi mu makinawo, undiikire m'makadi atatu," ndinatero.

"Amayi aakulu, amalume akamva..."

"Akamva uwauze kuti ndinaima pomwe anaima iwo mpaka utamaliza."

Anachita. Ndinamuuzanso kuti mu kompyutamo ikhalemo, asaichotse, pakuti mpando wakhalapowo unali ndi mwini wake. Bambo wa makala ndinamudzazira manachesi m'chipewa.

Khadi limodzi lili m'kabotolo m'sutikesi. Lina ndinakasungitsa kwa mnzanga wa kwa Kanduku amene sadziwana ndi abale anga. Lachitatu lili mu kawailesi kamene ndinagula, kamene kamakhala pa benchi pakati pa milu. Sindinganame kuti nyimbo za metulo ndinazikonda. Mpaka pano zimandipweteka m'makutu, ndipo makasitomala ena amapitirira kukagula kwa mnzanga. Apite.

Achimwene amadutsa pamsewu umenewu Lachitatu lililonse popita ku msonkhano wa akulu a mpingo. Ndikawaona akutulukira pa ngodya ndimayambitsa nyimboyo, kuti pofika pa benchi apeze mphwawo akuseka mu wailesimo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Amayankha maso ali kumsewu. Ine ndimakweza voliyumu.