Mtedza m'mankhwala a apongozi

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anamwa madzi a mumtsinje wa Rivirivi asanayambe n'kuguluka mano komwe, ndipo anamwa ambiri ndithu. Inali nthawi imene mvula imatsazika, chaka chimene bambo ake anapita ku Halale kukagwira ntchito. Ine kwathu n'ku Mposa, ndipo amuna anga ankakhala konko pachikamwini. Makolo awo anatumiza mawu odandaula kuti mdzukulu sanamuonepo chibadwire, n'kutuma mlamu wanga, mchemwali wa amuna angawo, kuti adzatitenge. Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinagona kwa achibale pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Balaka, m'mawa mwake n'kulowera kumudzi kwawo, tsidya la Rivirivi.

Madzi anali ofiira, olekeza m'chiuno. Mwana ndinamubereka kumbuyo, mtolo uli pamutu. Pakati pa mtsinje ndinaponda mwala woterera, tonse awiri n'kumira. Pamene ndinkadzuka nsalu inali itamasuka, mwana ali m'manja mwa mlamu wanga, akutsokomola matope. Sanavulale paliponse, koma kamimba kanali katakhuta ngati akuchokera kuukwati.

Aliyense wa kuchigwa ankadziwa zimene madzi otere amabweretsa. Kumtunda kwa doko limene tinawolokera ankamwetsa ng'ombe, ndipo mabango ake ndiwo anali chimbudzi cha apaulendo. Ndinaganiza za njoka za m'mimba, za kamwazi, za likodzo. Kwathu kufupi ndi Chilwa anyamata ankakodza magazi mpaka ena kumati ndiko kukula kwa mwamuna, koma ine ndinali nditaona ana akufota, miyendo yowonda, mimba yokha patsogolo. Ndinafika pamudzi paja ndili ndi mantha.

Apongozi anga aamuna ndiwo ankadziwika ndi mankhwala a njoka za m'mimba m'dera lonselo. Anali munthu wamfupi, wokonda kuseka, koma ine ndinkangowadziwa msana ndi mawu. Masiku amenewo mkazi ndi apongozi ake aamuna sankayang'anizana. Mukakumana panjira, unkapatukira kutchire n'kugwada, nkhope kumbali. Mawu ankadzera mwa munthu wina. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo ine ndinaleredwa nawo ulemu umenewo mpaka unandilowa m'mafupa.

Atamva za kumtsinje, anatuma mlamu wanga kudzandiuza kuti ndisadandaule. Mawa m'mawa, mwana asanalawe kanthu, adzamupatsa nthanga za maungu zosinja, zovundulira m'phala, kuti zotsala za madzi aja zituluke zisanakhazikike. Ana onse a pamudzipo ankamwa zimenezo mvula ikatha. Mlamu wanga anawonjezera monyadira kuti phala la bambo ake ana salikana, chifukwa nthangazo amasinjira pamodzi ndi mtedza wokazinga.

Mwana ameneyu mtedza sunkamuyanja. Ndikumuletsa kuyamwa ndinamupatsa phala la nsinjiro, ndipo milomo inatupa, maso anatsekeka, mpweya n'kumavuta. Tinati mwina ndi mphepo chabe. Kachiwiri ananyambita chipande cha nkhwani wotendera, zikanangochitika zoipa tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga munalibe mtedza, ngakhale wa mbewu.

Zonsezi ndinamufotokozera mlamu wanga kuti akauze bambo ake. Iye anaseka, amvekere ana a ku Mposa ndi osankha zakudya ngati azungu a ku boma. Anapitadi, koma ine ndili kuseri kwa nkhokwe ndinamva zimene ananena: akuti mwana sakonda mtedza. Nkhalamba ija inaseka, n'kuyankha kuti mankhwala sakondedwa. Nditamupempha kuti abwererenso, mlamu wanga anakana. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti iye akauze bambo ake kuti mlendo wofika lero lomwe akuti mankhwala awo ndi chiphe. Mawu otere pamudzi ankatha kupasula banja. Apongozi aakazi, amene mwina akanandimvetsa, anali kumaliro kumudzi wina.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi kulira kwa mtondo, ndipo fungo la mtedza wokazinga linali litadzaza pabwalo. Mlamu wanga anabwera kudzatenga mwana. Ndinamupereka, manja anga omwewa, chifukwa sindinadziwe kuti ndingakane bwanji. Ndinapita kukagwada pamalo anga kuseri kwa nkhokwe, ndikusuzumira.

Apongozi anakhala pampando patsinde pa mango, mdzukulu ali pamiyendo. Ankamuseketsa, kumutchula kuti mkazi wanga wamng'ono, ndipo mwana wanga, amene kwathu ankathawa alendo, ankangosekerera. Anatapa phala, analiuzira, mwana n'kuyasamula kukamwa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangopezeka ndagwira dzanja la apongozi anga, dzanja lenileni, phala litatayikira pamaondo awo. Mlamu wanga anagwira pakamwa. Amayi awiri amene ankapita kuchitsime anaima, mitsuko ili pamutu. Ine kwa nthawi yoyamba ndinawaona nkhope, ndipo ndinadabwa kupeza kuti ali ndi maso a amuna anga.

"Bambo, mundikhululukire," ndinatero. "Si kuti mwanayu sakonda mtedza, iyayi. Ukangolowa m'kamwa mwake milomo imatupa, maso amatsekeka, pakhosi pamalira ngati mluzu. Kawiri konse ndatsala pang'ono kumuika m'manda."

Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anaika mbale pansi pang'onopang'ono, akuyang'ana dothi.

"Pakhosi pamalira?" anafunsa.

"Inde, bambo."

"Ndipo thupi limatuluka zidzolo, mwana n'kumadzikanda?"

"Choncho kumene."

Anaika dzanja pamutu pa mdzukulu wawo. Kenaka anayankhula, ndipo anayankhula kwa ine, osadzera mwa wina aliyense.

"Apongozi, mwana wanga woyamba, mkulu wake wa amuna anu, anapita choncho. Tinali titangokumba mtedza, ndipo anadya kunyumba kwa mng'ono wanga."

Zotsalazo anandiuza mlamu wanga pambuyo pake. Mwanayo atamwalira anapita kukaombeza, ula n'kugwera mng'ono wawoyo. Mng'onoyo anasamuka mwamanyazi kukamanga kuseri kwa phiri, ndipo kwa zaka zonsezo awiriwo sankapatsana moni ngakhale pamaliro.

Apongozi anasamba m'manja ndi phulusa. Anatuma mlamu wanga kukabwereka mtondo watsopano umene sunalawepo mtedza, anasinja nthanga zokhazokha, n'kukanyira m'nthochi yakupsa. Mwana anameza akukwinya nkhope. Ndinamuyang'anitsitsa milomo mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo sinatupe. Ndinalira, koma misozi yake inali yopepuka. Analamulanso kuti mwana azimwa madzi owiritsa okha, ndipo ananena mosabisa kuti za likodzo iwo alibe mankhwala ake, ndikayezetse kuchipatala cha mishoni mwezi ukatha.

Kamwazi sanabwere. Kanyongolotsi kanatuluka kamodzi, kaya kanali ka Rivirivi kaya tinachoka nako kwathu, sindidziwa. Mwezi utatha ndinatenga mkodzo m'kabotolo kupita nawo kumishoni. Bambo wovala zoyera anauyang'ana pa galasi lake, n'kunena kuti mulibe kanthu. Ndinabwerera njira yonse ndikuyimba nyimbo za kutchalitchi, ine amene sindidziwa kuyimba.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri n'cha masana a tsiku la phala lija. Ndinkadziwa kuti wogwira apongozi dzanja amalipa nkhuku, ndipo ndinkadzifunsa kuti mlendo ngati ine ndiitenga kuti. Ndinaona apongozi akuthamangitsa tambala wawo woyera. Anamugwira okha, anamumanga miyendo ndi luzi, anatenga ndodo, n'kulowera njira ya kuphiri osatsazika munthu.

Anabwerako dzuwa likupendeka, alibe tambala, ali ndi nkhalamba ina yofanana nawo msinkhu ndi mayendedwe, mng'ono wawo uja. Ine ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo. Mlendoyo sanafune madzi kapena mpando. Anangopempha kuti amuonetse mwana amene sadya mtedza. Atamupatsa anamunyamula, n'kumayang'ana timilomo take, misozi ikutsikira m'ndevu. Mwana wanga, posadziwa kanthu, anapatsa nkhalambayo nthochi yake yoluma kale.