Kansalu Kobiriwira ka Pachikuto

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito m'laibulale ya pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Tsangano mpaka kupuma. Mabuku amene sukulu inkafuna kutaya, ong'ambika ndi odyedwa ndi chiswe, iwo ankapita nawo kunyumba. Ankawasoka ndi ulusi wa thumba la feteleza, kumsana kwake n'kumatako kansalu ndi phala la ufa wa chinangwa. Nsaluzo ankapempha kwa ana awo aakazi, zitenje zakutha ndi madiresi.

Mkazi wanga, mwana wawo wachiwiri, anamwalira titangokhala zaka zitatu m'banja. Maliro atatha, azakhali ake anagawa zovala zake kwa achibale aakazi monga mwa mwambo. Ine ndinakhala pampando panja, ndikuona chitenje chilichonse chikupita. Mwamuna sapatsidwa chitenje, ndipo sindinapemphe. Ndinabwerera kuboma wopanda kanthu kalikonse kamene iye anavalapo.

Patatha mwezi ndinapita kukawaona apongozi aja. Tinakhala motalikirana monga mwa masiku onse, tikukamba za mvula ndi kachewere. Ndikutsanzika, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku la jogalafe lakalekale. Kumsana kwake kunali kansalu kobiriwira ka timaluwa toyera. Ndinakazindikira. Linali diresi limene mkazi wanga anavala tsiku loyamba limene ndinamuperekeza pasiteji ya basi ku Nsipe.

Za nsaluyo sananene kanthu. "Ili n'lobwereka," anatero. "Masabata awiri."

Moyo wawo wonse sanapatsepo munthu buku. Ankangobwereketsa. Choncho masabata awiri aliwonse ndinkakwera minibasi kukabweza. Iwo ankalitembenuza, n'kulitsegula ngati akuona ngati masamba onse alimo, kenako n'kundibwerekanso. Zinachitika kanayi. Ulendo wachisanu ndinachita manyazi, poganiza kuti ndikuwavutitsa ndiponso kuti si bwino kukakamira chinthu cha apongozi. Ndinawauza kuti ndamaliza kuwerenga.

"Mwamaliza kale, bambo?"

Ndinavomera. Anaimirira pang'onopang'ono n'kukaliika pashelefu. Kuchokera tsiku limenelo ndinalibenso chifukwa chopitira, ndipo ndinkanamizira ntchito.

Apongoziwo anamwalira nyengo yozizira yotsatira, ine ndili ku Lilongwe, ndipo ndinafika ataikidwa kale. M'chipinda cha mabuku munali mutayalidwa mbewu ya kachewere. Alamu anga anandiuza kuti mabuku onse anawapereka kwa okazinga tchipisi kumsika, poti ankangoitana makoswe.

Ndinapita kumsikako. Pachiwaya chachitatu ndinapeza bambo wina akukulunga tchipisi m'tsamba la buku lojambulidwa mapu. Nditamufunsa za zikuto, analoza kamulu kamene kanali pambali pa nkhuni.

"Zimenezo sizikulunga, achimwene. Timakolezera moto."

Ndinagwada pamatope n'kuyamba kufukula, anthu odya akundiyang'ana. Munali nsalu za ana onse a m'nyumba ija, zofiira, zabuluu, zina za yunifomu. Chobiriwira chinali pansi penipeni, chopanda tsamba ngakhale limodzi, mbali imodzi itanyowa mafuta. Bamboyo anafunsa kuti ndikachita nacho chiyani chikuto chopanda buku. Ndinangomuthokoza.

Chili m'dirowa ya pafupi ndi bedi. Chimanunkha mafuta okazingira, osati mkazi wanga. Masabata awiri anadutsa kalekale, ndipo palibe woti ndikamubwezere.