Sikirini Yopweteka Maso

Ndivomere, ndinainamizira laputopu yosalakwa. Mlongo wanga Tamanda atabwera nayo kwathu ku Nsaru anati, "Achimwene, tayioneni. Ngati siili bwino ndikaibweza."

Inali yopyapyala, yopepuka. Ine wodzitama kuti makina ndimawadziwa, ndinaitembenuza uku ndi uku, kenako ndinatsegula chithunzi cha malemu bambo athu chimene Tamanda anaikamo, kuti ndiyese sikirini. Zonse zinaoneka: imvi, chipsera cha pachibwano, ngakhale batani limene amayi anasokerera ndi ulusi wosiyana. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

"Bwanji kodi?" anafunsa Tamanda.

"Ikuwala kwambiri, ikupweteka maso," ndinanama. "Mwina ukaibweze."

Anandiyang'ana, kenako anakhala pambali panga. "Inenso inandipweteka choncho dzulo, achimwene. Takulitsani pang'ono, tiwaone bwino."