Kalata ya Evelesi Inapsera Kudzala

Mayi Phyllis Kayira, mkazi wa mkulu wina wa m'boma, analakwira Evelesi mwana wa a Redson m'mwezi wa Febuluwale chaka cha 1976, kunyumba kwawo ku Area 43 mu Lilongwe. Mayina ndi mwezi zatchulidwa dala, chifukwa anthu a m'nyumba zikuluzikulu sachedwa kuiwala. Inu amene mwalemba mayeso ndipo mukudikira zotsatira, tamvani zomwe zinaoneka kumeneko.

Masiku amenewo likulu linali likusamuka kuchoka ku Zomba. Malole ankafika tsiku ndi tsiku atasenza madesiki, makabati ndi mafayilo omanga ndi zingwe. Mudzi wa a Redson unali umodzi mwa midzi yomwe inasamutsidwa kuti pamangidwe mzinda. Abale anabalalika, ndipo sukulu yomwe anthu a m'mudzimo ankalandirirako makalata inatha. A Redson, amene mkazi wawo anali atamwalira kale, anapeza ntchito ya m'galadeni kwa a Percy Kayira. Ankagona m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Evelesi. Anaphunzira unamwino pachipatala china cha mishoni, ndipo pofika Novembala wa 1975 anali atalemba mayeso omaliza, aja opatsa munthu chilolezo chogwira ntchito. Pafomu panali mzere wolembapo keyala yotumizirako zotsatira. Munthu amene mudzi wake wasanduka msewu angalembepo chiyani? A Redson anavula chipewa, nakapempha kwa abwana.

"Palibe vuto, Redson," anatero a Percy. "Alembe bokosi lathu la kupositi."

Kiyi wa bokosilo ankakhala m'chikwama cha Mayi Phyllis.

Evelesi anabwera kudzadikira zotsatira kwa bambo ake. Anapeza m'nyumba yaikulu muli khanda la a Kayira, Lemson, lodwaladwala chifuwa, ndipo wolera ana anali atathawa. Mayi Phyllis ankagwira ntchito yotayipa ku City Centre, moti analibe womusiyira mwanayo. Anapempha Evelesi kuti angothandizako pakadali pano. Evelesi ankadziwa kumukhazika mwana akabanika, ankadziwa nthawi yothamangira naye kuchipatala ndi nthawi yongomufungatira. Pasanathe mwezi, Lemson ananenepa. Mayi Phyllis anaona zimenezi, ndipo anazisunga mumtima.

Amene sanadikirepo zotsatira sangadziwe matenda ake. Hafu pasiti folo ikakwana, galimoto ikalira pageti, Evelesi ankaimirira pakhonde, mwana ali kumbuyo. Sankayang'ana nkhope ya Mayi Phyllis. Ankayang'ana m'manja.

"Palibe, Evelesi," ankatero mayiwo akutseka chitseko cha galimoto. "Maofesi akusamuka. Mafayilo anu mwina ali m'lole pa Ntcheu."

Zinali zomveka, poti aliyense ankadandaula za makalata ochedwa. Koma mtima sumva zomveka. Evelesi ankangokumbukira funso lachinayi, la mwana wotha madzi m'thupi, n'kumadzifunsa ngati sanasinthanitse manambala. Ankatenga kawotchi kake ka unamwino, kaja kokoleka pachifuwa, n'kumawerenga kugunda kwa mtima wake womwe. A Redson ankamuonera patali ali ndi khasu m'manja.

Ataona kuti mantha amupha, mtsikanayo anadziikira lamulo. Anauza bambo ake kuti, "Bambo, ndizidandaula pochapa matewera basi. Ndikayanika lomaliza, nkhawa nazo zikhale pachingwe mpaka mawa." Masana mwana akagona, ankawerenga tsamba limodzi la m'kope mwake, limodzi lokha. Madzulo ankamanga bandeji pamkono wa bambo ake, womwe unalibe bala, kuti manja asaiwale. A Redson ankaseka, amvekere, "Iwe, anthu aziti Dona wandimenya." Loweruka lililonse ankayenda pansi kupita kumsika wa ku Old Town, ngakhale zogula zikhale tomato yekha, kuti aone nkhope za anthu ena.

Tsiku lina Lachisanu mu Febuluwale, mvula itakata, Mayi Phyllis anapatsa a Redson dengu la mapepala kuti akaotche kudzala. Akukhuthula, anaona envulopu yakhaki yong'ambidwa kukamwa. Sukulu anaisiyira Sitandade Fili. Chingerezi chinali mdima kwa iwo, koma dzina la mwana wawo akanaliwerenga ngakhale litazondoka. Anaitenga ndi manja awiri, napita kukhomo la kukhitchini.

"Dona, pepani. Apa pali dzina la mwana wanga."

Mayi Phyllis anayang'ana envulopuyo, nayang'ana kuchipinda komwe Evelesi ankasambitsa mwana, kenako anatsitsa mawu.

"Ee, Redson, ndimafuna ndikuuze pambali. Walephera. Ndinatsegula kuti ndione kaye, ndiye chisoni chinandigwira. Wamuona mmene waondera? Ukamuuza lero, angadzipweteke mwana ameneyu. Kaotche. Tidzamuuza pang'onopang'ono."

A Redson anabwerera kudzala. Anatulutsa pepalalo. Panali chidindo, mizere ingapo, ndi dzina la Evelesi lolembedwa m'zilembo zazikulu. Kuseri kwa mpanda kunali a Sadiki, mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, amene anagwirapo ntchito kwa azungu ndipo ankawerenga nyuzipepala ya Chingerezi. Kunali kongoitana. Koma a Redson anali atauza alonda ndi agaladeni a msewu wonse kuti mwana wawo ndi namwino. Manyazi anawatseka pakamwa. Komanso anaganiza kuti munthu wovala bwino, wopita kutchalitchi ndi galimoto, anganamirenji wantchito wake?

Anayatsa machesi. Pepalalo litapindika, anatakasa phulusa ndi kamtengo kuti pasatsale chilembo.

Malichi anadutsa, Epulo, Meyi. Hafu pasiti folo Evelesi ankaimirirabe pakhonde, ndipo a Redson ankapita kukathirira maluwa kuseri kuti asamve mawu aja akuti palibe. Anayamba kumukonzekeretsa monga anauzidwira.

"Mwanangu, ntchito ya pano si yoipa. Dona amakukonda. Sikuti aliyense amavala zoyera."

"Bambo, mukuyankhula ngati mukudziwa kanthu."

"Ndingadziwe chiyani ine, munthu wa khasu?"

Mawu amenewo anamufoola Evelesi kuposa kudikira komwe. Kwa sabata yathunthu sanatsegule kope. Yunifolomu yake anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Koma Lolemba lotsatira a Redson anamupeza pamthunzi wa mpanda, kope lili pamiyendo.

"Ngati ndalephera, ndidzalembanso," anatero osadzutsa mutu. "Tabweretsani mkono."

Loweruka lina mu Juni, akusankha tomato kumsika wa ku Old Town, anamva munthu akukuwa dzina lake. Anali Zelifa, mnzake wa m'kalasi, atavala zoyera, kawotchi kali pachifuwa.

"Eve! Uli moyo iwe? Ife tinamva kuti unakwatiwa ndi mwini golosale!"

"Ndani angandikwatire mmene ndaonderamu? Ndikudikira zotsatira. Nanga iwe zoyerazi wabwereka kwa yani?"

Zelifa anasiya kuseka.

"Zotsatira ziti, wamisala iwe? Zinatuluka chimanga chisanache! Iwe unali wachitatu pa tonse. Anakupatsa malo a maphunziro a uzamba konkuno m'tauni, anati uyankhe pasanathe masabata atatu. Utakhala chete anapatsa Lizzie, uja ankakomoka akaona magazi."

Tomato anatsala pa benchi. Evelesi anayenda ulendo wonse wobwerera ku Area 43 osaima paliponse. Anapeza bambo ake akudulira mpanda.

"Bambo, ndinakhoza! Ndinakhoza kalekale. Kalata ndiyo inasochera."

Chodulira chinagwa pansi. A Redson akanatha kuvomereza kuti inasocheradi, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma anakhala pansi pa udzu womwe anatchetcha okha, nafotokoza zonse: dengu, envulopu, mawu a Dona, machesi.

Evelesi anawafunsa kuti:

"Munaotcha ndinu, Bambo?"

"Ndine."

"Ndi manja anuwa? Omwe ndimamanga bandejiwa?"

"Ndinkaopa kuti ungadzipweteke."

"Mukanangondipatsa, Bambo. Ngakhale ikanakhala yolephera, inali yanga."

Sanalire, sanakweze mawu. A Redson amati kukanakhala bwino akanawatukwana.

Madzulo a tsiku lomwelo a Redson anaima pakhonde la nyumba yaikulu, chipewa chili kumutu kwa nthawi yoyamba, nafunsa za kalata ija pamaso pa abwana.

"Kalata iti?" anatero Mayi Phyllis. "Redson, wayamba kumwa? Ine ndinakupatsa zinyalala. Ngati munali kalata ya mwana wako, waotcha wekha."

A Percy sanatsitse nyuzipepala. Mwezi usanathe, m'kanyumba kaja munalowa wagaladeni wina.

Bambo ndi mwana wake anapeza kachipinda ku Mchesi. A Redson analowa ntchito yonyamula matumba pasitolo ina ku Old Town, msana wa munthu wa zaka makumi asanu. Evelesi anayamba kuyenda pansi kupita ku City Centre kukafuna satifiketi yake. Maofesi anali atangofika kumene, makatoni ali mbwee m'makonde, ena osatsegula. Ankamuuza kuti abwere mawa, iye n'kubweradi mawa. Nsapato zitatha, ankazinyamula m'manja n'kukazivalira pakhomo. Pa ulendo wa khumi ndi chimodzi, kalaliki wina wachikulire, a Bonaventure, anatopa naye.

"Mayi, inu simutopa? Bwerani, tisanthule limodzi makatoniwa, mwina ndingapume."

Anapeza fayilo yake m'katoni yachisanu. M'buku la makalata otumizidwa munali dzina lake, tsiku la mu Febuluwale, ndi nambala ya bokosi la a Kayira. Satifiketi anaitenga mu Okutobala. Malo a uzamba anali atapita. Anamutumiza kukachipatala kakang'ono kupitirira Mitundu, kopanda magetsi, madzi otunga pachitsime.

Anapita. Chaka chilichonse ankalemba kalata yopempha malo a uzamba, ndipo chaka chilichonse ankayankhidwa kuti adikire. Lamulo lake lija sanalisiye: nkhawa ankaipatsa nthawi yochapa basi, tsamba limodzi patsiku. Anamutenga pa chaka chachisanu ndi chimodzi, anzake a m'kalasi ali kale akuluakulu a mawodi. Anakhozanso. Lero kudera limenelo kuli ana aakazi ambiri otchedwa Evelesi, ndipo amayi awo akhoza kukuuzani chifukwa chake.

Evelesi amawasamala bambo ake. Anawamangira kanyumba ka malata, ndipo akadwala amabwera yekha ndi mankhwala. Nkhani ya kalata sanaitchulenso ngakhale kamodzi. Koma keyala yake sanalembenso ya munthu wina, ndipo pepala lake lililonse amakatenga yekha. A Redson nawo chiyambire tsiku lija sasonkhera moto pepala. Ngakhale lokulungira usipa amaliwongola n'kuliika m'sutikesi. Zaka zisanu ndi chimodzi zija amaziwerenga pa zala, ndipo palibe chala chomwe chimabweza.

Tsono inu amene mukudikira, kugunda kwa mtima kumeneko si chizindikiro chakuti mwalephera. Evelesi mtima unkamugunda chomwecho ali wachitatu pa onse. Nkhawa ipatseni nthawi yake, ikatha muiyanike. Tsegulani kope, tsamba limodzi lokha. Tulukani m'nyumba mukaone anthu, chifukwa uthenga wake iye anaupeza pa benchi ya tomato. Masiku akapitirira, nyamukani mukafunse nokha ndi miyendo yanu, ndipo musalole munthu, kaya wavala bwino chotani, akuwerengereni zanu n'kukuuzani kuti mwatha. Inu makolo, kalata ya mwana mupatseni mwini wake, yabwino kaya yoipa. Mtima usagwe. Amene anayenda maulendo khumi ndi limodzi, nsapato zili m'manja, anali munthu ngati inu nomwe.

Mayi Phyllis akadali m'nyumba yomwe ija ku Area 43. Mpanda womwe a Redson anadzala unatalika kuposa munthu. Chaka chatha paukwati wa Lemson, mayiwo anauza alendo kuti iwo analerapo mwana wa wantchito m'nyumba mwawo mpaka anakhala namwino, ndipo anthu anaomba m'manja. Kwa Evelesi sanapitepo, ndipo sanapepese.