Tsiku lobadwa lobwereka

Ine tsiku limene ndinabadwa sindilidziwa. Mayi anga ankangoti ndinabadwa anthu akukumba mtedza, chaka chimene anyani anavuta m'minda. Basi. Ndinakhala choncho mpaka imvi, palibe chinandisowa. Koma pamene mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino kuno ku Perth, anati ndibwere ndidzamulerere khanda, ku ofesi ya mapasipoti anafuna tsiku. Bambo wa pa kompyuta anandifunsa kawiri, ine n'kumuuza za mtedza. Anausa moyo n'kulemba 1 Januwale. Ndinati mu Januwale mtedza umakhala ukadali masamba okhaokha. Anati, "Agogo, anzanu onse timawapatsa lomweli. Dindani apa." Ndinadinda chala changa pa bodza, ndikuona ndi maso.

Ndinakhala kwa mwana wangayo ku Maddington, dera lina la Perth, chaka chathunthu osalikumbukiranso. Ndiye Lolemba lina, Januwale ali pakati, dzuwa likuotcha mpaka phula kufewa mumsewu, foni ya m'nyumba inalira. Mwana wanga anali atatumizidwa ku chipatala china chakutali kwa sabata yonse. Anayankha ndi mkamwini wanga. Chizungu chawo ine chimangondidutsa, koma mawu oti gavamenti ndimawadziwa, ndipo ndinawamva katatu.

Atamaliza anaima pakhomo la khitchini, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wake.

"Amayi, aboma amafuna inuyo. Akuti akufuna munthu wamkulu wa m'nyumba muno amene tsiku lake lobadwa langodutsa kumene. Ndawauza kuti aimbenso Lachisanu, mwana wanu adzamasulire."

Anatenga jekete lake lowala la kuntchito, uyo, ku fakitale ku Kenwick.

Abale inu, ndinati basi, andipeza. Ndinakhala pansi pa matailosi, khanda lili kumsana. M'nyumba ya anthu akuluakulu atatu, boma lasiya awiri odziwa kulemba, lalunjika pa ine, ndipo latchula chinthu chimodzi chokhacho chimene ndinanama. Nanga ndikanaganiza chiyani?

Mwina mukuti bwanji osamufunsa mkamwini madzulo. Kwathu sizitero. Mkamwini sumuyang'ana m'maso, sudya naye, sumupanikiza ndi mafunso ngati mwana wako wobereka. Chaka chonse ine ndi iye tinkapatukirana pakhonde, moni wa chapatali, basi. Ndikanayamba bwanji kumuuza kuti apongozi ake anakwera ndege ndi pepala labodza? Komanso iye ndi mwana wanga anali atapereka mapepala awo opempha kukhazikika m'dziko muno, akudikira yankho. Ndinkaona kuti akandigwira ine, awathamangitsa onse, ndi khanda lomwe.

Mwana wanga ankaimba madzulo aliwonse. Ndinkangoti tili bwino, mwana wadya, wasamba. Ndinkati boma loti likhoza kuimba m'nyumba mwa munthu, lingalephere kumvetsera?

Mantha amenewa sanayambire ku Perth. Ndili mtsikana, nthawi ya makhadi a chipani, kunkabwera anthu m'mudzi ndi pepala. Sankakuwa ayi, ankayamba ndi moni wabwino, kenako n'kutchula dzina limodzi. Tsiku lina anatchula la mlongo wanga. Anangoti akufuna amufunse mafunso ochepa. Anabwerako patapita miyezi, mano awiri palibe, ndipo sanafotokozepo mpaka imfa yake. Kuyambira pamenepo, ndikamva kuti boma likufuna kufunsa, ndimakumbukira mano a mlongo wanga.

Lachiwiri sindinatuluke. Ndinatseka makatani onse. Galimoto ikaima panja, ndinkati afika! Akhwangwala a kuno amalira ngati mwana wotsinidwa, ndiye aliyense akalira ndinkadzidzimuka. Lachitatu ndinatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu, ndinapindamo zitenje zanga, nsapato za kutchalitchi, ndi kasokosi kamodzi ka khanda koti ndizikanunkhiza kumudzi. Ndinkati akabwera ndiwagwadira, ndiwauze kuti tengani ine ndekha, anawa sakudziwa kanthu.

Lachinayi anagogoda mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wa ku Zambia, amene amasamalira okalamba. Anadabwa kuti bonongwe wanga wa kumpanda wafota, sindikumuthirira.

"Ambuya, mwadwala? Nanga makatani aya, muli maliro?"

Ndinamunong'oneza kuti aboma akundifuna pa foni.

"Aa, ni ma save chabe aya! Naine ananitumilako, ninawajubila foni. Manje imwe muyopa chani?"

Ankatanthauza kuti ndi anthu ongofunsa mafunso, ndipo iye anawadulira foni. Anaseka, koma ine sindinatonthole. Iyeyo tsiku lake ndi lakelake, mayi ake analilemba. Za mtedza sindinamuuze.

Lachisanu masana mwana wanga anafika, maso ali ofiira ndi tulo. Anangoona chikwama pabedi.

"Amayi, mukupita kuti?"

Pamenepo ndinalira. Ndinamuuza zonse, za bambo wa pa kompyuta, za chala changa, za mapepala awo. Anayamba ngati aseke, koma ataona misozi yanga anakhala pansi pambali panga.

"Amayi, anthuwa sakukudziwani. Nambala ya foni inangotuluka mu kompyuta ngati maere. Ndi kafukufuku wa zaumoyo, boma la chigawo chino limaimbira anthu ambirimbiri. Zoti tsiku lobadwa, ndi njira yongosankhira munthu mmodzi m'nyumba, kuti asamangolankhula ndi amene amathamangira foni. Akanaimba mu Juni akanafuna ine. Ndipo mukhoza kukana."

"Kukana boma? Iwe, unabadwa liti?"

"Ine tsiku langa ndimalidziwatu," anatero, n'kundigunda ndi phewa.

Foni inalira. Ndinagwira mwendo wa tebulo. Mwana wanga anaitsegula kuti tonse tizimva. Anali mawu a mzimayi, ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiopsa kwambiri, poti ajanso ankayamba choncho.

"Uyambe wamuuza kuti tsikulo si langa," ndinatero.

"Amayi, n'zosafunika."

"Muuze! Ndisafe nalo."

Anamuuza. Kenako mzimayi uja analankhula, mwana wanga n'kumasulira: akuti zilibe kanthu, dzina langa salilemba n'komwe, angofuna kudziwa ngati zaka zanga zapitirira makumi asanu ndi limodzi.

Mafunso ake ndiye anali a chibwana. Ndimadya masamba kangati pa tsiku? Ndinati amuuze za bonongwe. Ndimasuta? Ndimayenda mtunda wotani? Ndinati mpaka pa siteshoni ya sitima ndi kubwerako, khanda lili kumsana. Mano alipo angati? Funso lililonse ndinkadikira kuti lotsatiralo ndiye msampha. Msampha osabwera.

Chakumapeto mwana wanga anamvetsera funso lina, osamasulira msanga. Anandiyang'ana.

"Akuti, m'masabata apitawa, ndi kangati pamene munakhala ndi mantha moti palibe chimene chikanakutonthozani? Sizinachitikepo, mwa apo ndi apo, kapena nthawi zonse?"

"Uwauze kuti kuyambira Lolemba mpaka lero. Usiku ndi usana. Ndipo uwauze kuti anayambitsa ndi iwowo."

Anamasulira zonse, sanabise. Mzimayi uja anapepesa kawiri, mawu ake atasintha. Kenako ndinamva tayatayata wa kompyuta, akulemba. Ndinadabwa nazo. Zaka zonsezi boma linali lisanandifunsepo ngati ndikuliopa.

Madzulo mkamwini atamva nkhaniyi kwa mkazi wake, anabwera n'kunjuta pakhomo la chipinda changa, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ndinalakwa. Ndikanafotokoza bwino."

Ndinayankha nditayang'ana kukhoma kuti palibe mlandu, bambo. Anatenga chikwama chija, ine nditachotsamo zitenje, n'kuchibwezera pamwamba pa wadiropu.

Mapepala awo akadali kudikira yankho mpaka lero. Bonongwe anatsitsimuka nditamuthirira masiku atatu. Koma foni ya m'nyumba ija ikalira ndili ndekha, ndimatenga mwana n'kutuluka naye kuseri, ndimaima kumpanda mpaka itasiya.