Ndinamukhazika Tebulo Limodzi ndi Mwamuna Amene Anamuthawa

Inu owerenga, ine ndinalakwira mayi wina amene sanandiputepo chilichonse. Ndinamulakwira ndikumwetulira, mtima uli mbee, ndikuganiza kuti ndikukonza banja la anthu. Papita zaka ziwiri tsopano koma nkhaniyi siichoka m'mutu mwanga, ndiye ndati ndiilembe kuti wina asadzachite zomwe ndinachita ine.

Kwathu ndi ku Chintheche, kufupi ndi Bandawe. Ndinayamba ndi ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Kande, kenako ndinalembedwa pa boti la alendo. Botilo linkanyamuka ku Chintheche, kukagona ku Nkhata Bay, kupitirira ku Usisya ndi ku Ruarwe, n'kubwerera tsiku lachinayi. M'chipinda chodyera munali matebulo asanu, lililonse la anthu asanu ndi mmodzi, ndipo onse anali omangidwa pansi ndi mabawuti kuopa mafunde. Munthu sakanatha kukoka tebulo lake n'kukadyera pakona. Ukakwera, umadya ndi anthu osawadziwa, omwewo m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka ulendo utatha.

Wosankha kuti uyu akhale ndi uyu ndinali ine. Mlendo aliyense ankalemba fomu asanakwere: zaka zake, chilankhulo chomwe amamasuka nacho, ngati ali yekha kapena ndi banja, ndi chilichonse chomwe akufuna kuti tidziwe. Ine ndinkatenga mafomuwo n'kuwayala pabedi. Okonda mowa sindinkawaphatikiza ndi akuluakulu a mpingo. Amene amachita nseru panyanja ndinkawaika pafupi ndi khomo. Munthu wamanyazi woyenda yekha ndinkamupezera agogo okonda nkhani. Ndikamaliza ndinkalemba mayina pa timakhadi n'kutiika patsogolo pa mpando uliwonse. Ntchitoyi ndinkaidziwa, ndipo kunena zoona ndinkadzitama nayo. Anthu ankatsika atasanduka mabwenzi, akupatsana manambala a foni, ena n'kumabwera kudzandithokoza.

Pa ulendo womwe ndikunenawu panakwera mayi wina yemwe ndimutche Tiyamike, ngakhale si dzina lake lenileni. Anali wa ku Kasungu koma ankagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya mphira chakufupi ndi Mpamba. Ulendowu anachita kumupatsa kuntchito kwake ngati mphatso. Anali wofatsa, wolankhula motsitsa, ndipo ukamamuyankhula ankatembenuza mutu kuti amvere khutu la kumanja. Pansi pa fomu yake analemba ndi dzanja lake kuti: "Chonde mundiike ndi amayi kapena anthu achikulire. Osati abambo oyenda okha."

Ndinawerenga mawu amenewo, sindinganame kuti sindinawaone. Ndinamuika ndi anamwino awiri a ku Mzuzu, komanso Ada Chirwa, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Bandawe, ndi akazi awo Ama NyaLongwe. Mpando umodzi unatsala wopanda munthu. Tsiku loyamba tebulo limenelo ndi lomwe linkaseka kuposa onse. Ama NyaLongwe ankamuphunzitsa Tiyamike kudya kondowole, nsima ya chinangwa, osamata zala, iye n'kumawauza za mwana wake wamkazi, Chisomo, wa Sitandade 2, yemwe anamusiya kwa mayi woyandikana naye nyumba. Ndinayang'ana n'kunena mumtima kuti apa ndiye ndakhoza.

M'mawa wa tsiku lachiwiri ku Nkhata Bay kunakwera alendo atatu. Mmodzi anali bambo wamtali, wa shati yoyera yosita bwino, waulemu zedi. Anandipeza ndikupukuta matambula, nandipatsa moni atagwira pachifuwa. Anati mayi amene anakwera dzulo ku Chintheche uja ndi mkazi wake. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha ukwati wa kutchalitchi, Tiyamike ali m'velo. Anati anasemphana zaka zitatu zapitazo chifukwa cha mabodza a abale, iye wakhala akupemphera, ndipo akungofuna mpata wopepesa pamaso pa anthu achikulire.

"Mayi, sindikupemphani zambiri," anatero. "Mpando basi. Koma musamuuze, angachite manyazi n'kubisala."

Apa ndiyenera kuulula za ine ndemwe. Banja langa linatsala pang'ono kutha nthawi ina, ndipo chinalipulumutsa n'chakuti ankhoswe anatikhazika pamodzi ine ndisakufuna. Kuyambira pamenepo ndinkakhulupirira kuti mkazi ndi mwamuna akangokhala pansi limodzi, zinthu zimakonzeka. Sindinaganize kuti mwamuna wanga ndi wina, uyu ndi wina. Sindinadzifunsenso kuti ngati ali mwamuna wake, bwanji alibe ngakhale nambala yake ya foni. Tiyamike anali pamwamba pa boti akuyang'ana asodzi, masitepe khumi okha kuchokera pomwe ndinaima. Sindinakwere kukamufunsa. Ndinalemba dzina la bamboyo pa kakhadi n'kukaika pa mpando wotsala uja, moyandikana ndi wake.

Chakudya chamasana chinakwana boti litatalikira kale doko. Tiyamike analowa akuseka ndi mmodzi wa anamwino aja. Atangoona amene wakhala patebulo anaima chilili. Bamboyo anadzuka, namukokera mpando mwaulemu. Chipinda chonse chinali kuyang'ana, kumbuyo kwake kunali anthu akudikira kuti alowe, ndiye anakhala. Ine ndinali ndi jagi ya madzi m'manja, ndikudziuza kuti ndi manyazi chabe, atha.

Bamboyo anadzitchula kwa onse kuti ndi bambo ake a Chisomo. Ada Chirwa anawomba m'manja ndi chimwemwe. Ama NyaLongwe, mwa ubwino wa mtima wawo, anayamba kufotokoza zonse zomwe anamva dzulo lake: kuti mwanayo ndi wanzeru, kuti amaphunzira pa sukulu ya kufupi ndi msika wa Mpamba, kuti amaweruka isanakwane thwelofu, kuti watsala ndi mayi wa nyumba ya kuseri kwa chigayo. Bamboyo ankangogwedeza mutu n'kumafunsa pang'onopang'ono ngati bambo wosowa mwana wake. Ndikuthira madzi m'tambula ya Tiyamike ndinaona dzanja lake pansi pa tebulo litafinya nsalu ya patebulo. Nsomba yake sanaikhudze.

Anthu atatuluka, Tiyamike anandipeza pa kanjira kolowera kukhitchini. Sanakuwe. Anandifunsa ngati ndinawerenga fomu yake, ine ndinavomera. Anapinda dzanja la bulauzi n'kundionetsa mkono umene unathyoka n'kulumikizana mokhota. Analoza khutu lake la kumanzere nati silimva kuyambira tsiku lomwe anathawa ndi mwana kumsana. Zaka zitatu anabisala, anasintha nambala, ngakhale mayi ake omubereka sankadziwa mudzi weniweni womwe akukhala. Pambuyo pake tinadzamva kuti bamboyo anamuona pa chithunzi cha alendo akukwera boti chomwe kampani yathu inaika pa intaneti tsiku loyamba. Anadziwa boti, koma kumene akukhala sankakudziwa. Anakudziwira patebulo langa.

Inu owerenga, kuyambira pamenepo chilichonse chomwe ndinayesa chinali chochedwa. Ndinathamangira kwa bwana wa boti, iwo anati bamboyo ali ndi tikiti ndipo sanalakwe kanthu m'botimo, sangamutsitse pakati pa nyanja. Ndinawanong'oneza Ama NyaLongwe, iwo anagwira pakamwa n'kuyamba kulira, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinamulowetsa Tiyamike m'kachipinda kanga n'kutseka. Anayesa kuimbira mayi wosunga mwana uja, ine ndinayesa pa foni yanga, wophika anayesa pa yake. Kumeneko mapiri amatsekereza, netiweki kunalibe.

Tinafika ku Usisya dzuwa litapendeka pang'ono. Alendo anatsika kukaona mudzi. Tiyamike anati atsike akwere galimoto yodzera kumtunda, koma anthu a pagombe anatiuza kuti mvula yawononga msewu wa m'phiri, galimoto sinatsike masiku atatu. Tili mkati mofunsa zimenezi tinamva injini ikulira. Bambo uja anali atagwirizana ndi asodzi ena, wakhala pakati pa boti lawo la injini, shati yake yoyera ikuonekera patali, akulowera kum'mwera. Sanatsanzike aliyense, chikwama chake anali atachitenga kale.

Ndinathamanga gombe lonse kufunafuna boti lina. Lina linalibe mafuta, ena anali atapita kale ku usipa, mwini wa lina anali kumaliro kutsidya la phiri. Ndinagwada pamaso pa kaputeni wathu, ine mayi wamkulu, kumupempha kuti tibwerere. Anandidzutsa mwaulemu nati ali ndi alendo odzaza boti omwe akupita ku Ruarwe, ndipo ngakhale atatembenuka sangalipeze boti la asodzi lija. Tinapitirira kumpoto. Tiyamike anaima kumbuyo kwa boti atagwira chitsulo, akuyang'ana kumene tikuchokera. Ine ndinaima pambali pake.

M'mawa mwake ku Ruarwe tinakwera phiri awiriwiri kukafuna netiweki. Njira yake ndi yoterera, tinkachita kugwira mizu. Foni inalowa dzuwa lili pamutu. Mayi wosunga mwana uja anayankha akulira. Anati mwana sanafike kunyumba, ndipo atapita kukafunsa anauzidwa kuti bambo ake anamudikirira panjira poweruka, ali ndi nsapato zatsopano ndi mabisiketi. Mwanayo anawazindikira. Ana anzake anawaona akukwera minibasi.

Tiyamike anakhala pansi pomwepo pa miyala. Sanalire mokweza. Ankangobwereza kuti mwanayo sanatenge juzi, ku Kasungu kwa bamboyo kumazizira. Tinatsika phiri, ndipo tinayenera kudikira kuti ulendo uthe monga unakonzedwera. Tsiku lina lathunthu ndinkayala mbale, kuthira madzi, kumwetulira alendo, iye ali m'kachipinda kanga. Ada Chirwa ndi akazi awo sanabwerenso kudzadya patebulo paja. Ankandipepesa ine ngati olakwa ndi iwo, pamene iwo anangocheza ndi munthu amene ine ndinawabweretsera.

Titabwerera ndinamuperekeza Tiyamike m'maofesi awiri kukadandaula. Konse anatilandira bwino, koma yankho linali lofanana: wotenga mwanayo ndi bambo ake, ukwati sunathetsedwe kukhoti, nkhaniyi ikufunika kukayambira kwawo kwa mwamunayo ndipo itenga nthawi. Bamboyo anatumiza uthenga kudzera kwa mlongo wake wakuti mwana ali bwino, ndipo amayi ake akamufuna akudziwa khomo.

Tiyamike anapirira milungu itatu. Sabata yachinayi anandiimbira kuti wasiya ntchito, akubwerera kwa mwamunayo. Ndinakwera minibasi kukamupeza pa siteji ya Mpamba, ali ndi chikwama chimodzi ndi kajumbo ka zovala za mwana. Ndinamugwira mkono, ndinamuchonderera kuti asapite, ndinati abwere azikhala kwathu ku Chintheche pamene tikufunafuna thandizo. Anandifunsa ngati ineyo ndikanagona tulo mwana wanga ali m'nyumba imeneyo yekha. Kondakitala ataitana, Tiyamike anatembenuka n'kundiuza mawu omwe ndimawamvabe mpaka lero.

"Achemwali, sindikukusungirani chakukhosi. Mukanangondifunsa basi."

Miyezi iwiri yoyambirira ankayankha foni mwachidule, akunong'ona. Kenako nambala inasiya kulowa. Ndinatumiza uthenga kwa m'busa wina wa ku Kasungu kudzera mwa abusa athu, koma sanapeze banja la dzina limenelo, akuti mwina anasamuka. Ntchito yosankhira anthu matebulo ndinapempha kuti aipereke kwa wina. Panopa ndimatsuka mbale ndi kuyala mabedi m'boti lomwelo, ndipo ndimayesetsa kusayandikira mafomu.

Tsono inu amene mumagwira ntchito m'maloji, m'maboti, m'malo odyera, ngakhale inu okonza mipando pa maukwati ndi pa misonkhano ya mpingo, ndikupempheni. Munthu akakuuzani kuti musamukhazike ndi wakutiwakuti, musafune kudziwa chifukwa kaye musanamumvere. Ena zifukwa zawo n'zoti sangazilembe papepala. Wina akabwera ndi nkhope yabwino ndi chithunzi cha ukwati kukupemphani kuti mumuyandikize kwa munthu, n'kuwonjezera kuti musamuuze, pomwepo imani. Pitani kwa mwini wakeyo mukamufunse ali yekha, ndipo akakana, kwatha. Inunso okonda kucheza, mnzanu wa paulendo akakuuzani za mwana wake ndi za kumene amakhala, zisungeni, ngakhale wofunsayo anene kuti ndi m'bale. Ndipo kuyanjanitsa banja lomwe simunaone mkati mwake si ntchito yanu, monga sinali yanga.

Ine ndilibe njira yokonzera zomwe ndinawononga. Mlendo aliyense wochokera ku Kasungu akakwera boti lathu, ndimadikira mpata, n'kumufunsa mwakachetechete ngati anaonapo mayi wofatsa wa mkono wokhota, wokhala ndi mwana wamkazi yemwe pano ayenera kukhala Sitandade 4. Onse amapukusa mutu. Sindidziwa ngati ali moyo.