Lumo Limene Amama Anandisungira

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Vubwi chaka chomwe thonje linatigwiritsa mwala. Amalume, amene anandilera bambo atamwalira, anandiperekeza mpaka ku Katete. Basi isananyamuke anangoti ndikagwire ntchito, koma ndisakaiwale njira.

Ku Lusaka ndinalowa pa kampani ina yolongedza ufa. Malipiro sanali oipa, mwezi uliwonse ndinkatumiza kangachepe pa foni. Choipa chinali kontrakiti. Inali ya miyezi itatu basi, ikatha tinkadikira pepala lomwe ankamata pageti. Dzina lako likakhalapo, wapulumuka. Likasowa, nsapato za kampani umazivula pomwepo.

Moyo umenewu ndinakhala nawo zaka zinayi. Sindinagule ngakhale mpando, zovala zinkangokhala m'chikwama. Abwana akadutsa osandipatsa moni, tsiku lonse ndinkangoganiza kuti andifufuta papepala. Ndinasanduka munthu waukali, wokwiya ndi ntchentche yomwe. Pantchito sitinkauzana zakukhosi, poti aliyense ankaona mnzake ngati wodzamulanda malo. Ndikaimba kumudzi ndinkati zonse zili bwino, koma zoona zake ndinali ndi mantha, ndiponso ndinali ndekhandekha. Mpaka lero ndikaona pepala lomatidwa pakhoma, ngakhale la kutchalitchi, ndimayamba kufunafunapo dzina langa.

Uthenga wa maliro a amalume unandipeza sabata yomwe pepala linkayembekezeka. Ndinaima pakhomo la ofesi kuti ndipemphe masiku atatu, kenako ndinabwerera osagogoda. Amama ndinawanamiza kuti andikaniza. Munthu amene anandiphunzitsa kugwira khasu anaikidwa ine ndikusenza matumba. Lachisanu pepala linatuluka, dzina langa panalibe.

Ndinazengereza miyezi iwiri ndisanakwere basi. Ndinkati kwathunso andifufuta. Munthu wothawa maliro a amalume ake angalowe bwanji pabwalo?

Ndinafika masana, amama akusenda nsawa pakhonde. Ndinagwada n'kuulula kuti palibe anandikaniza, ine ndiye ndinaopa kupempha. Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi lumo latsopano, lidakali m'kapepala kake. Kwathu maliro akatha abale amameta tsitsi, ndipo la amama linali litameranso kale.

"Khala pansi, Yosefe," anatero. "Tonse tinameta, watsala ndiwe. Ili ndinakusungira."

Ndinawafunsa ngati sindinachedwe nazo.

"Unachedwa, inde, ndipo zinandiwawa kwambiri. Koma amalume ako anakulera, sanakulembe ganyu. Weramitsa mutu."

Tsitsi likugwera pamiyendo panga, ndinalira maliro aja, ndipo amama sananditonthoze, anangopitiriza kumeta. Atatha anasesa tsitsilo, ine ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa zovala zonse m'chikwama.